Musanagulire kampani galimoto ya maulendo ataliatali, werengerani msewu, mafuta ndi msonkho

Ndimasunga mabuku a ndalama pa kampani ina yaing'ono ya ku Kanengo, yogulitsa mbewu ndi mankhwala a m'munda. Anzathu oyendera makasitomala sakhala pansi. Lolemba ali ku Mchinji, Lachitatu ku Kasungu, Lachisanu akutsikira ku Salima, ndipo kawiri pa mwezi wina amayenera kufika ku Blantyre kapena ku Mzuzu. Galimoto imodzi imatha makilomita 40,000 pa chaka mosavuta.

Chaka china galimoto yathu yakale itayamba kugona ku galaja pafupipafupi, abwana analowa mu ofesi mwanga foni ili m'manja, n'kundionetsa chithunzi cha chigalimoto chakuda bii, cha mipando isanu ndi iwiri. "Mayi, tigule iyi. Makasitomala akationa tikutsika m'menemu adziwa kuti si ife amasewera." Ine ndinati, "Bwana, ndi yokongoladi. Koma mundipatse masiku awiri ndiiwerengere kaye." Zimene ndinachita pa masiku awiriwo ndi zimene ndikulemba pano, motsata ndondomeko imene ndimagwiritsa ntchito mpaka lero. Mtengo wolembedwa pa galasi la galimoto ndi chiyambi chabe. Kampani imalipira pa kilomita iliyonse, ndipo m'kilomita imeneyo muli mafuta, matayala, amakanika ndi a MRA.

Choyamba: yambani ndi msewu

Musanatsegule tsamba lililonse la ogulitsa magalimoto pa intaneti, khalani pansi ndi amene adzaiyendetse. Tengani maulendo a miyezi itatu yapitayi muwalembe onse, kuchoka kuti, kupita kuti, kangati. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Blantyre pa M1 ndi makilomita opitirira pang'ono 300, ku Mzuzu ndi cha m'ma 350, ku Mchinji pa M12 ndi cha m'ma 110, ku Salima pa M14 ndi cha m'ma 100. Wonkhetsani kupita ndi kubwera, muchulukitse kanayi, mupeza makilomita a pa chaka. Nambala imeneyi muilembe pamwamba pa pepala, chifukwa zonse zotsatira zidalira iyoyo.

Kenaka gawani makilomitawo pawiri, a pa tala ndi a pa fumbi. Apa ndi pamene ambiri timadzinamiza. Munthu amakumbukira tsiku limodzi la mu Febuluwale limene anatitimira m'matope kuseri kwa Nsaru, n'kuiwala masiku mazanamazana amene anayenda pa phula lokhalokha. Ife titawerenga tinapeza kuti pa maulendo khumi alionse, asanu ndi atatu ankathera m'misika ya m'mbali mwa tala. Awiri otsalawo ndiwo ankalowa m'midzi, makamaka nthawi yogawa mbewu mvula isanagwe, ndi nthawi yoyendera minda ya chionetsero.

Funsaninso za katundu. Matumba khumi a makilogalamu 50 ndi theka la tani. Galimoto ngati Fielder ingawanyamule tsiku limodzi mokakamiza, koma mukamaisenza choncho sabata ndi sabata mashoko ndi masipuling'i akumbuyo sakhalitsa. Ngati amene akuyenda amangonyamula laputopu, mabuku a malisiti ndi makatoni awiri a zitsanzo, kugula pikapu ndi kuwotcha dizilo ponyamula mphepo. Musaiwale ma toll gate a Kalinyeke ku Dedza ndi Chingeni pa msewu wa ku Blantyre, kumene mtengo umatengera mtundu wa galimoto. Ndi ndalama zochepa pa ulendo umodzi, koma pa chaka zimaoneka.

Chachiwiri: makiyi adzagona kuti?

Funso ili ndi limene limasankha msonkho, ndipo ndi limene eni makampani ambiri amalidumpha. Ndikhalapo pang'ono.

Malamulo a msonkho m'dziko muno amati kampani ikapatsa wantchito wake chinthu chomupindulira pa moyo wake pamwamba pa malipiro, monga nyumba, fizi ya ana kapena galimoto, pali msonkho umene a MRA amautcha Fringe Benefits Tax, mwachidule FBT. Wolipira ndi kampani, osati wantchitoyo, ndipo mlingo wake ndi 30 peresenti ya mtengo wa phindu limene wantchito walandira. Pa galimoto imene yaperekedwa kwa munthu, phindulo amaliwerengera kuti ndi 15 peresenti ya mtengo umene galimotoyo inagulidwira, chaka chilichonse.

Tiyeni tiike manambala ongoyerekeza. Mwagula galimoto ya K40,000,000 n'kumupatsa woyang'anira malonda. 15 peresenti yake ndi K6,000,000. 30 peresenti ya imeneyo ndi K1,800,000 pa chaka, kutanthauza K450,000 pa miyezi itatu iliyonse. Galimoto ya K120,000,000 ndiye kuti ndi K5,400,000 pa chaka. Njira yachidule ndi yakuti FBT imadya 4.5 peresenti ya mtengo wogulira chaka chilichonse.

Pali zinthu ziwiri zimene zimapweteka pamenepa. Choyamba, msonkhowu sutsika galimoto ikamakalamba. Amawerengera pa mtengo woyambirira, ndiye ngakhale itakwanitsa zaka zisanu, mipando itang'ambika, utoto utasuluka ndi dzuwa la ku Salima, mudzalipirabe K1,800,000 yomwe ija. Pa zaka zisanu ndi K9,000,000, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo wa galimotoyo. Chachiwiri, FBT imene mwalipira simungaichotse pa phindu la kampani powerengera msonkho wa pa chaka monga mmene mumachotsera ndalama za mafuta kapena za lendi. Imatuluka m'thumba yonse yathunthu. Nditawaonetsa abwana mzere umenewu pa pepala anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anati, "Walira mvula walira matope, eti mayi?"

FBT imalipiridwa pa kotala iliyonse, pasanathe masiku 14 kotalayo itatha. Lembani pa kalendala ya mu ofesi masiku awa: 14 Julaye, 14 Okutobala, 14 Januwale ndi 14 Epulo. Kampani imene yayamba kumene kupereka zinthu zoterezi kwa antchito iyenera kulembetsa ku MRA ngati yolipira FBT pasanathe masiku 14. Kuchedwa kuli ndi chilango, ndipo choipa kwambiri ndi pamene a MRA abwera kudzafufuza mabuku n'kupeza kuti kwa zaka zitatu palibe chimene munalipirapo. Amawerengera zonse za m'mbuyo nthawi imodzi, n'kuikapo chilango pamwamba.

Tsono pali njira ziwiri zovomerezeka zochepetsera mtolo umenewu. Yoyamba ndi yakuti galimoto ikhale ya pool, yogwiritsa ntchito aliyense pa ntchito za kampani, yosaperekedwa kwa munthu mmodzi. Koma ikhale ya pool zenizeni. Madzulo igone pa ofesi, makiyi akhale m'kabati ya mu ofesi, aliyense woitenga asayine. Ngati m'mabuku mwalemba kuti ndi ya pool koma usiku uliwonse imagona ku Area 47 kwa manejala, m'mawa imakasiya ana kusukulu, Lamlungu ili kutchalitchi, pa Khirisimasi ili kumudzi, wofufuza mabuku sadzavutika kuzindikira. Alonda a pa geti okha amadziwa zoona zake.

Njira yachiwiri ndi mtundu wa galimoto. FBT ya pa galimoto sikhudza mapikapu, ma panel van ndi magalimoto ena onyamula katundu wa malonda. N'chifukwa chake single cab, pikapu ya mzere umodzi wa mipando, imakhala bwenzi la kampani yaing'ono. Pa double cab, pikapu ya mizere iwiri ya mipando, chenjerani, chifukwa ili pakati: kumbuyo ndi ya katundu, kutsogolo ndi ya banja. Musanalipire dipoziti, lemberani kalata ku ofesi ya MRA imene imasunga faelo yanu, mutchule mtundu weniweni wa galimoto ndi mmene idzagwirire ntchito, yankho lake likhale lolembedwa ndipo mulisunge. Safunsa anadya phula. Zimene wakuuzani wogulitsa galimoto pakamwa sizidzakuthandizani tsiku la kafukufuku.

Makampani ena amasankha kungopatsa wantchito ndalama ya galimoto pa mwezi kuti aziyendera yake. Zikatero FBT palibe, koma ndalamayo imawonjezeredwa pa malipiro ake n'kudulidwa PAYE. Kwa munthu woyenda makilomita 40,000 pa chaka ine njira imeneyi sindiikonda. Galimoto yake imatha msanga, sevisi amayamba kuidumphadumpha kuti ndalama itsale, ndipo tsiku limene yafera pa Madisi ntchito ya kampani ndiyo imaima.

Chachitatu: zimene msonkho umakubwezerani

Si zonse zopweteka. Galimoto ndi chuma cha kampani, ndipo mtengo wake umachotsedwa pa phindu pang'onopang'ono kudzera mu zimene amati capital allowances. Simuchotsa mtengo wonse chaka chimene mwagula. Pa galimoto wamba yonyamula anthu, mlingo wa pa chaka ndi 20 peresenti ya mtengo umene watsala m'mabuku a msonkho. Pa chitsanzo chathu cha K40,000,000, chaka choyamba muchotsa K8,000,000, chachiwiri K6,400,000, chachitatu K5,120,000, ndipo m'mabuku mutsala K20,480,000. Popeza makampani ambiri a m'dziko muno amalipira 30 peresenti pa phindu, K8,000,000 ya chaka choyamba ikukupulumutsirani K2,400,000 ya msonkho, bola kampani ikhale kuti yapanga phindu.

Magalimoto a katundu ali ndi mwayi wina. Amalandira initial allowance ya 20 peresenti m'chaka choyamba pamwamba pa ya pa chaka ija. Magalimoto a anthu salandira, ndipo m'gulu limeneli muli ma saloon, ma station wagon ndi double cab yomwe, pokhapokha ngati ntchito ya kampani yanu ndi yochititsa hayala magalimoto. Mwaonatu kuti double cab yatulukanso. Apa ndiye lamulo limaiika pamodzi ndi magalimoto a anthu.

Pa VAT ndinena mwachidule. Musaganize kuti poti kampani yanu inalembetsa VAT ndiye kuti ya pa galimoto ndi pa zipangizo zake mudzaitenganso monga mumachitira ndi ya pa katundu wogulitsa. Lamulo la VAT limatsekereza pa magalimoto, kupatula kwa ogulitsa kapena ochititsa hayala magalimoto, ndi pamene galimoto ikugwira ntchito ya bizinesi yokhayokha. Imene imapita kunyumba madzulo, VAT yake iwerengereni ngati gawo la mtengo.

Milingo ya misonkho imatha kusintha nduna ya zachuma ikapereka bajeti, ndipo chaka cha boma tsopano chimayamba pa 1 Epulo. Ngati mukugula cha mu Febuluwale kapena Malichi, dikirani mumve bajeti kaye, kenaka akauntanti wanu awerengenso.

Chachinayi: injini ndi mafuta

Kwa woyenda mitunda italiitali, mafuta ndiwo amadya kwambiri kuposa china chilichonse. Werengani ndi malita, osati makwacha, chifukwa mtengo umene a MERA alengeza lero ukhoza kusintha mwezi wamawa. Galimoto yoyenda makilomita 16 pa lita imamwa malita 2,500 pa makilomita 40,000. Yoyenda makilomita 10 pa lita imamwa malita 4,000. Kusiyana kwake ndi malita 1,500 chaka chilichonse. Chulukitsani ndi mtengo wa lero, muone ngati si malipiro a munthu wina a chaka chathunthu.

Manambala a mafuta amene amalembedwa pa masamba a ku Japan musawakhulupirire monga alili. Anayesedwa pa misewu yosalala, galimoto ili yopanda katundu. Funsani munthu amene ali ndi galimoto yomweyo kuno kuti thanki yodzadza imamufikitsa pati.

Pa tala, injini ya petulo ya malita 1.5 ngati ya mu Axio, Fielder ndi Probox ndi yovuta kuiposa. Simwa kwambiri, ili ndi tcheni m'malo mwa timing belt, ndipo makanika aliyense mu Lilongwe anaitsegulapo. Pa katundu ndi pa fumbi, dizilo ya mu Hilux, D-Max kapena Ranger ndiyo imakoka. Ngati mukugula Hilux yakale ya injini ya D-4D, funsani ngati timing belt inasinthidwa, chifukwa imafunika kusintha pa makilomita 150,000 ndipo ikaduka injini imawonongeka. Ma Hilux atsopano a injini ya GD-6 ali ndi tcheni. Galimoto za hybrid, zoyendera mafuta ndi batire, zimapulumutsa mafuta kwambiri m'tauni, pa mzere wa magalimoto wa m'mawa wochoka ku Area 25 kapena pa mlatho wa Lilongwe ku Old Town, pamene mumangoima n'kuyenda. Pa M1 mukuthamanga mosaima phindu lake limachepa, ndipo ngati ndi yakale muyenera kuyezetsa batire lake lalikulu musanagule.

Pali chinanso chimene zaka za posachedwapa zatiphunzitsa. Mafuta akasowa, chimene chimakupulumutsani ndi kutalika kwa ulendo umene thanki imodzi ingakuyendetseni. Galimoto yotha kupita ku Mzuzu n'kuyambako ulendo wobwerera musanafunenso pothira imakuchotsani pa chiyeso chogula mafuta a m'zigubu m'mbali mwa msewu. Mafuta amenewo alibe lisiti loti mulowetse m'mabuku, ndipo injini za dizilo za masiku ano zikamwa dizilo wosakaniza ndi palafini kapena madzi, ma injector amafa, mtengo wake n'kukuliritsani. Ngati kampani ikhala ndi magalimoto awiri, n'kwanzeru kuti ina ikhale ya petulo, ina ya dizilo. Kawirikawiri akasowa awa, awo amapezekako.

Chachisanu: kayeseni ku Biwi

Mukatsala ndi mitundu iwiri kapena itatu, lembani zipangizo zisanu ndi chimodzi zimene zimatha msanga: mabuleki, mashoko, ma ball joint, mafyuluta, galasi la kutsogolo ndi nyale imodzi ya kutsogolo. Tumani dalaivala wanu ku Biwi ndi m'masitolo a zipangizo a ku Old Town, akafunse mitengo ndiponso ngati zilipo lero lomwe. Dalaivala wathu wamkulu, bambo amene ayenda pa M1 kwa zaka zambiri, atabwerako anaika pepala pa tebulo n'kunena kuti, "Mayi, za iyi ndapeza m'mashopu anayi. Za galimoto inayo akuti tiitanitse ku Johannesburg kapena ku Dubai, tidikire masabata atatu, ndalama yake ya madola." Nkhani inathera pomwepo. Galimoto imene yaima masabata atatu kudikira chipangizo ikulipirabe inshuwalansi, ikulipirabe FBT, ndipo inu mukuchita hayala ina.

Yang'ananinso matayala. Pa makilomita amenewa mudzagula matayala pafupifupi chaka ndi chaka. Asaizi wamba ngati R15 pa galimoto yaing'ono amapezeka ngakhale ku Kasungu ndi ku Dedza. Matayala opyapyala a pa malimu akuluakulu amaoneka bwino pa City Centre, koma dzenje limodzi la pambuyo pa mvula limaphulitsa tayala n'kupinda limu. Gwadani muone pansi pa galimoto. Ikakhala yotsika kwambiri idzakhula pa bampu lililonse.

Pa sevisi, ngati mukusintha oilo pa makilomita 5,000 alionse monga ambiri amachitira chifukwa cha fumbi lathu, ndiye kuti ndi sevisi zisanu ndi zitatu pa chaka. Funsani mtengo wa sevisi imodzi, muchulukitse. Magalimoto ambiri ochokera ku Japan ali ndi giyabokosi ya CVT, imene imafuna oilo wakewake. Makanika akathiramo wa otomatiki wamba, giyabokosiyo sikhalitsa.

Pano ndiikepo mawu amene sali m'mabuku a ndalama. Amene adzakhale pa chiwongolero maola asanu ndi munthu, ali ndi ana kunyumba. Mpando wabwino, ma airbag, mabuleki a ABS ndi nyale zowala bwino musazione ngati zamanyado. Amene anayendapo pa M1 kukada amadziwa za njinga zopanda nyale, ngolo za ng'ombe, ndi lole yofera pakati pa msewu imene chizindikiro chake ndi nthambi za mtengo. Kwathu tinaika lamulo lakuti dzuwa likalowa munthu agone kumene ali, kampani ilipira chipinda.

Chachisanu ndi chimodzi: mugula kuti, ndipo mapepala ali bwanji?

Njira zilipo zitatu. Yatsopano kwa dila imadula, koma ili ndi waranti ndipo mbiri yake mukuiyamba nokha. Kwa galimoto ya pool ya katundu imene idzayende kwambiri, nthawi zina ndiyo yotsika mtengo pa kilomita. Kwa galimoto yoperekedwa kwa munthu, kumbukirani kuti mtengo waukuluwo ndiwo udzakhale maziko a FBT zaka zonse.

Yachiwiri ndi kuitanitsa yogwiritsidwa kale ntchito ku Japan, imene kawirikawiri imatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa chipata cha Songwe ku Karonga. Mtengo wa pa intaneti ndi gawo chabe. Onjezani za sitima, za pa doko, za woiyendetsa kuchoka ku Tanzania, za ajenti, ndi msonkho wa kasitomu, umene muli duty, excise ndi VAT. Excise imakwera injini ikamakula ndiponso galimoto ikamakalamba, choncho galimoto yakale kwambiri imene ikuoneka yotchipa ku Japan ikhoza kudzakudabwitsani pa Songwe. Ajenti wovomerezeka akuwerengereni msonkho wonse musanatumize ndalama. Vuto lina ndi la ndalama zakunja. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene galimoto zawo zinali panyanja masiku amenewo anapeza kuti bajeti yawo siikukwananso. Siyani ndalama yapadera ya zotere. Pemphaninso auction sheet, pepala la ku msika wa magalimoto ku Japan lofotokoza mmene galimotoyo ilili, muyerekeze makilomita olembedwapo ndi a pa dashibodi, chifukwa kubweza mileage kulipo.

Yachitatu ndi kugula kwa munthu kapena pa malo ogulitsira magalimoto mu mzinda momwe muno. Ubwino wake mumaiona ndi maso, mumaiyendetsa, makanika wanu amaikweza n'kuona pansi. Musanapereke ndalama, nambala ya chassis ndi ya injini zifanane ndi za mu bulubuku, muone umboni wakuti msonkho wa kasitomu unalipiridwa, ndipo mukatsimikize ku Road Traffic kuti wogulitsayo ndiye mwini wake ndiponso kuti palibe banki imene inaigwira ngati chikole. Galimoto imene inalowa yosalipira duty kudzera pa mwayi wa munthu wina kapena bungwe lina ikhoza kukhala ndi msonkho umene ukudikira wogula.

Kulikonse kumene mwagula, bulubuku lituluke m'dzina la kampani. Makampani a pabanja amakonda kulemba dzina la abwana chifukwa n'kofulumira. Zikatero mudzavutika kutsimikizira a MRA kuti galimotoyo ndi chuma cha kampani choyenera capital allowances, ndipo pa ngozi a inshuwalansi adzafunsa mafunso omwewo. Lembetsani kampani mu MalTIS, kaundula wa pa kompyuta wa ku Road Traffic, kusintha umwini kuchitike nthawi yomweyo, COF ndi inshuwalansi zikhale za masiku. Inshuwalansi ya third party, yolipira anthu ena okha amene mwawaonongera, ndiyo lamulo limakakamiza, koma galimoto yokhalira pa msewu imafunika ya comprehensive, yolipiranso galimoto yanu. Chaka chilichonse pokonzanso inshuwalansi, kwezani mtengo wa galimoto ufanane ndi wa pa msika. Mukausiya pa mtengo wakale kwacha itagwa, tsiku la ngozi adzakupatsani ndalama yosakwana kugula ina.

Chachisanu ndi chiwiri: ikani zonse pa pepala limodzi

Pa galimoto iliyonse imene mukuiganizira, sankhani zaka zimene mudzaisunge, tinene zinayi. Lembani mtengo wonse wogulira, muchotse ndalama imene mukuyembekeza kudzaigulitsira. Onjezani mafuta, sevisi, matayala, inshuwalansi, COF, ma toll gate, chiwongoladzanja ngati ndi ya ngongole ya kubanki, ndi FBT ya zaka zonsezo. Chotsani msonkho umene capital allowances ndi ndalama zoyendetsera zikupulumutsireni. Zotsalazo gawani ndi makilomita 160,000. Nambala imene yatuluka ndiyo muyerekeze.

Ife pepala limenelo linatitsogolera kugula magalimoto awiri m'malo mwa chigalimoto chimodzi chija: station wagon ya petulo ya maulendo a pa tala, ndi single cab ya dizilo ya matumba ndi kumidzi. Onse ndi a pool, amagona ku Kanengo. Masabata ochepa a pakati pa dzinja pamene pamafunika 4x4 yeniyeni timachita hayala. Mukamachita hayala kumbukirani za withholding tax, msonkho umene wolipira amadula pa ndalamazo n'kukaupereka ku MRA. Funsani ngati mwini galimoto ali ndi satifiketi yomuchotsa pa msonkho umenewu, ndipo ngati alibe, dulani musanamulipire, apo ayi a MRA adzaufuna kwa inu.

Ikafika pa ofesi

Tsiku loyamba lomwelo ikanimo logbook. Kabuku wamba ka chikuto cholimba n'kokwana. Jambulani mizere ya deti, dzina la woyendetsa, makilomita ponyamuka, makilomita pofika, kumene wapita, chifukwa cha ulendo, malita amene wathira ndi siginecha. Msonkho umalola kuchotsa pa phindu ndalama zokhazo zimene zagwira ntchito ya bizinesi, ndipo kabuku kameneka ndiko umboni wanu, pamodzi ndi malisiti ovomerezeka ndi MRA a mafuta ndi a ku galaja, okhala ndi dzina ndi nambala ya msonkho (TPIN) ya kampani. Malisiti a pa filling station amafufutika msanga ndi kutentha kwa mu galimoto, ndiye ajambuleni pa foni tsiku lomwelo. Tracker imathandiza, koma siilowa m'malo mwa kabukuko, chifukwa imanena kumene galimoto inali osanena chimene inkakachita.

Lachisanu lililonse masana ine ndimatenga logbook ndi malisiti, n'kugawa makilomita a sabatayo ndi malita. Nambala ikatsika mwadzidzidzi, tinene kuchoka pa 15 kufika pa 11, pali chimene chachitika: mwina fyuluta yatsekeka, mwina matayala alibe mpweya wokwanira, mwina mafuta akutuluka ndi paipi. Ndimafunsa mwaulemu sabata yomweyo nkhani isanakule. Wina akapempha galimoto ya pool kuti apite ku maliro, ndipo zimenezi zimachitika, timalola, koma ulendowo umalembedwa kuti ndi wa iye mwini ndipo mafuta amathira yekha.

Nthawi yogulitsa ikakwana, tsegulaninso mabuku a msonkho musanagwirizane mtengo. Chifukwa cha kugwa kwa kwacha, galimoto ya zaka zitatu imatha kugulidwa ndi makwacha ochuluka kuposa amene atsala m'mabuku. Pa chitsanzo chathu chija munatsala K20,480,000. Mukaigulitsa K35,000,000, kusiyana kwa K14,520,000 kumawerengedwa ngati phindu, ndipo pa 30 peresenti msonkho wake ndi K4,356,000. Ndalama imeneyo ipatuleni tsiku limene wogula walipira, yotsalayo ndiyo muiwerengere ngati dipoziti ya galimoto ina. Kusintha umwini ku Road Traffic kuchitike musanapereke makiyi, kuti zindapusa za pa msewu za mwini watsopano zisamabwere m'dzina la kampani yanu.